Ndalama ya fodya ikalowa, wabizinesi wamng'ono amveka bwanji ku Kasungu?

Dzuwa lisanatuluke, malole amakhala atandanda kale kunja kwa msika wa fodya wa Chinkhoma, m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Kasungu. Mabelo okutidwa ziguduli asanjikizana mpaka kupitirira mutu wa galimoto. Fungo la fodya wouma lili ponseponse.

Amayi ogulitsa tiyi ndi mandasi akoleza kale mbaula. Anyamata a kabaza aimika njinga zamoto pamzere. Chapatali pang'ono mlimi wadzikuta jekete, wakhala pamwala, maso ali pafoni. Akudikira uthenga wa kubanki.

Sakudikira yekha.

Uthenga womwewo akuudikira mwini hadiweya m'tawuni ya Kasungu, amene wadzaza sitolo ndi malata komanso simenti. Akuudikira wowotcherera ngolo ku Santhe, telala wa ku Chamama, wogulitsa masola ku Nkhamenya ndi mwini chigayo ku Wimbe.

Ndalama ya fodya ikangolowa, tawuni imasintha. Galimoto za zimkuzamawu zimayamba kuzungulira. Pakhomo pa masitolo pamalira nyimbo. "Zatsika mtengo! Lowani muone nokha!"

Wa chimkuzamawu chachikulu amamveka mpaka kumsika. Nanga mmisiri wa kuseri kwa depoti, yemwe ntchito yake ndi yolimba koma alibe ndalama yobwerekera galimoto yolengeza, amveka bwanji?

Yankho limodzi lili m'manja mwa mabungwe a amalonda eni ake. Ndi magazini ya mamembala: kabuku kotuluka pa nthawi yodziwika, kokonzedwa ndi bungwe, kolipiridwa ndi malonda otsatsidwa m'masamba ake, kofika kwa mlimi asanagwire ndalama.

Chuma cha miyezi yowerengeka

Kuti mumvetse malonda a ku Kasungu, yambani mwamvetsa kalendala ya fodya.

Nazale zimafesedwa dzuwa likuswa mtengo, cha m'Seputembala ndi Okutobala. Mvula ikagwa, kuwokera kumayamba. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yothyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa, ndipo ndi miyezi yomwenso m'matumba mumakhala mbee. Misika imatsegulidwa cha mu Epulo, n'kutsekedwa cha mu Ogasiti kapena Seputembala.

Ndalama yaikulu ya chaka imadutsa m'miyezi yowerengekayo.

Ndipo si yochepa. M'chaka cha 2024, dziko lino lidagulitsa fodya woposa makilogalamu 133 miliyoni m'misika yake yonse, ndipo adabweretsa madola a ku America oposa 390 miliyoni. Kasungu ndi limodzi mwa maboma olima fodya wambiri, n'chifukwa chake lili ndi msika wakewake wa Chinkhoma, pambali pa wa Limbe, Kanengo ndi Mzuzu.

Ubale wa Kasungu ndi fodya udayamba kale. Minda ikuluikulu ya kampani ya Press ndi ya bungwe la Kasungu Flue Cured Tobacco Authority idakoka anthu ochokera m'maboma ambiri m'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwenso kwawo kudali konkuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 lamulo lokhudza ulimi wa fodya litafewetsedwa, alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, ndipo ndalama idayamba kulowa m'midzi mwachindunji.

Magolosale, zigayo ndi mashopu a zipangizo zaulimi adamera potsatira ndalama imeneyo.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 840,000 m'boma la Kasungu, ambiri mwa iwo akukhala kumudzi. Umenewu ndi msika waukulu, koma womwazika. Wogula ali ku Chulu, ku Kaluluma, ku Kapelula. Wogulitsa ali m'tawuni kapena pa kamsika ka pamsewu. Awiriwa amakumana kawirikawiri tsiku lomwe ndalama ili kale m'thumba, pamene nthawi yofananitsa mitengo palibe.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mlimi wa ku Kasungu amaudziwa bwino mwambiwu. Ndalama ya chaka chonse itha kusungunuka m'masabata awiri ngati munthu walowa m'tawuni wopanda dongosolo.

Khoma, wailesi ndi foni

Amalonda a ku Kasungu sadakhale chete. Amatsatsa ndi chilichonse chimene angathe.

Njira yakale kwambiri ndi khoma. Ojambula zikwangwani amalemba dzina la sitolo ndi utoto wowala, n'kujambula thumba la feteleza, nkhuku kapena mutu wometedwa bwino. Khoma silitopa, koma silichoka pamalo. Amaliwerenga ndi odutsa pomwepo basi.

Pali wailesi. Kasungu Community Radio imalankhula ndi anthu a m'bomali, pomwe mawailesi ofika dziko lonse monga MBC ndi Zodiak amamvekanso m'midzi yambiri. Wailesi imafika kutali, imafikanso kwa amene sadziwa kuwerenga. Vuto lake ndi lakuti uthenga ukadutsa, wadutsa. Nambala ya foni yotchulidwa munthu ali m'munda ndi khasu siilembedwa paliponse.

Pali makalendala ogawidwa mu Disembala, amene amakhala pakhoma chaka chathunthu. Pali timapepala tomatidwa pamitengo ndi pamapolo a magetsi, timene mvula yoyamba imatichotsa.

Masiku ano kwabwera WhatsApp ndi Facebook. Wachinyamata wogulitsa nsapato amajambula katundu wake, n'kutumiza m'magulu, ndalama n'kulandira pa Airtel Money kapena Mpamba. Njirayi ndi yachangu ndiponso yotsika mtengo.

Koma foni yomweyo ndi imene akuba amadzera.

Ndi angati amene adalandirapo uthenga wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Chifukwa cha utambwali woterewu, mlimi wochenjera sakhulupirira msanga malonda obwera pafoni kuchokera kwa munthu wosamudziwa. Amafuna wina woti amuikire umboni wogulitsayo.

Umboni umenewu ndi umene bungwe lingapereke. Dzina la sitolo likaoneka m'magazini ya bungwe, wowerenga amadziwa kuti mwini wake ndi membala, ali ndi malo odziwika, ndipo zinthu zikavuta pali komiti yokadandaulako. Khoma silingapereke zimenezo. Chimkuzamawu sichingaperekenso.

Njira imene ena adadzera kale

Zolemba za magulu a alimi ndi amalonda si zachilendo m'dziko muno.

Nyuzipepala yakale kwambiri ya m'Malawi, The Daily Times, idayamba mu 1895 ndi dzina lakuti Central African Planter. Idali yolembera azungu olima minda ikuluikulu, kuwauza za mbewu, misika ndi katundu wogulitsa. Pambuyo pake idakhala Central African Times, kenaka Nyasaland Times. Atsamunda aja adazindikira msanga kuti olima ndi ogulitsa akakhala ndi pepala lawolawo, mawu awo amalemera.

Bungwe la amalonda la Malawi Confederation of Chambers of Commerce and Industry limawerengera mbiri yake kuchokera mu 1892. Lero limayendetsa chionetsero cha malonda ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo limatulutsa malipoti a momwe mabizinesi akuyendera. Zolemba zake zambiri zili m'Chingerezi, ndipo zimawerengedwa kwambiri m'maofesi a m'mizinda.

Bungwe la alimi a fodya la TAMA, lomwe tsopano ndi TAMA Farmers Trust, lidayamba mu 1929.

Pafupi kwambiri ndi mlimi wa kumudzi pali NASFAM, yomwe idakhazikitsidwa mu 1997 kuchokera m'makalabu a alimi ang'onoang'ono a fodya wa bale. Bungweli lakhala likutulutsa kalata ya mamembala yotchedwa Titukulane. Unduna wa zamalimidwe nawo uli ndi magazini ya Za Achikumbi, imene alimi ambiri achikulire amaikumbukira ikubwera ndi alangizi.

Nyuzipepala ya Fuko ya Nation Publications, yolembedwa m'Chichewa ndi Chitumbuka, idaonetsanso kuti anthu akumudzi amawerenga akapatsidwa zowakhudza m'chilankhulo chawo.

Kasungu ili ndi umboni wakewake wa mphamvu ya pepala. William Kamkwamba wa ku Wimbe, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adabwereka buku la sayansi m'kalaibulale ka m'dera lake. Zithunzi za m'bukumo zidamuthandiza kupanga makina opukusidwa ndi mphepo opereka magetsi pakhomo pa makolo ake. Lero dziko lonse lapansi likumudziwa.

Pepala limakhalitsa, limabwerekedwa, limawerengedwa kawiri.

Chimene zolemba za mabungwe akuluakulu sizingachite ndi kutchula mmisiri wa ku Chatoloma kapena wogulitsa anapiye ku Mtunthama. Zimalankhula ndi dziko lonse. Mpata wa zapafupi ndi umene bungwe la amalonda a m'boma, kopaletivi kapena mgwirizano wa makalabu ungadzaze.

Mulembedwe chiyani?

Magazini yodzaza malonda okhaokha imathera kokulungira usipa. Munthu amasunga pepala limene lamuthandiza.

Ndipo za kulemba ku Kasungu n'zambiri.

Lamulo la fodya limafuna kuti mlimi alembetse ndi kutenga chiphaso ku Tobacco Commission. Kulembetsako kumayenda bwanji, kumafuna mapepala ati? Chichokereni 2012, fodya wambiri amagulidwa pa kontirakiti ndi makampani monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI. Mlimi asanasaine ayenera kumvetsa ngongole ya zipangizo, zodulidwa pa ndalama yake ndi zimene zimachitika belo likabwezedwa. Tsamba limodzi lofotokoza pepala la malipiro mzere ndi mzere lingapulumutse mabanja ambiri ku mikangano.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Mwini munda ayenera kudziwa zimene lamuloli likufuna kwa iye, wogwira ntchito ayeneranso kudziwa ufulu wake. Nkhani yogwiritsa ntchito ana nayo si yaing'ono. Mu Novembala 2019 dziko la America lidaika chiletso pa fodya wa ku Malawi chifukwa cha nkhani yomweyi, ndipo makampani adachita kupereka umboni kuti fodya wawo alowenso.

Mu 2023 Malawi adalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lochepetsa kusuta. Fodya akadalimidwa, koma aliyense akuona kuti tsogolo likufuna mbewu zinanso. Soya, mtedza ndi mpendadzuwa zikulimidwa kale m'zigwa za Kasungu. Mbewu yabwino ikupezeka kuti? Akugula ndani? Sikelo yovomerezeka ndi Malawi Bureau of Standards imadziwika bwanji?

Akatswiri oyankha mafunsowa sali kutali. Ofesi ya zamalimidwe ya Kasungu ADD ili m'tawuni momwemo. Sukulu ya zaulimi ya Mwimba, yoyendetsedwa ndi bungwe la ARET, ili m'boma lomweli.

Wamalonda nayenso ali ndi mafunso ake: kulembetsa bizinesi, msonkho wa MRA, chiphaso cha khonsolo, kusunga mabuku, kusiyanitsa ndalama ya sitolo ndi ya pakhomo.

Pamwamba pa zonsezi pakhale mndandanda wa mamembala. Dzina la bizinesi, ntchito yake, malo ndi nambala, zosanjidwa malinga ndi dera. Masamba amenewa ndi amene adzachititse kuti magazini isungidwe m'chikwama mpaka chaka chamawa.

Chilankhulo chikhale cha owerenga. Chichewa chosavuta, zilembo zikuluzikulu, zithunzi zambiri. Kumpoto kwa bomali, cha ku Nkhamenya ndi kwa Kaluluma, anthu ambiri amalankhula Chitumbuka. Masamba angapo a Chitumbuka angawauze kuti magaziniyo ndi yawonso.

Tsamba ligulitsidwa bwanji?

Apa ndi pamene pagona moyo wa magazini.

Masamba a magazini ali ngati malo a mumsika: benchi ya pageti imadula kuposa ya kumapeto. Chikuto cha kumbuyo ndicho chokwera mtengo kwambiri, chifukwa chimaoneka ngakhale magazini ili chigonere patebulo. Zotsatira ndi zikuto za m'kati. Kenaka tsamba lathunthu, theka la tsamba, kota, mpaka timabokosi ting'onoting'ono ta mizere itatu kapena inayi.

Timabokosi timeneti tisanyozedwe. Ndi khomo la wometa, wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa mbande za mitengo. Bungwe likaika mitengo yoti okhawo a masitolo akuluakulu ndiwo angathe, ndiye kuti labwezeretsa chimkuzamawu chija papepala.

Mitengo ilembedwe poyera, papepala limodzi, yofanana kwa aliyense. Membala alipire wotsikirapo kuposa wakunja, kuti aone phindu la umembala. Wolipiriratu magazini zingapo zotsatizana achotseredweko.

Kuwerengera kuyambe ndi zolowa zonse: kusindikiza, kukonza masamba pakompyuta, zithunzi, maulendo a wolemba, mayunitsi, thiransipoti yogawira. Ndalama yonseyo igawidwe pa masamba amene aperekedwa ku malonda. Mwachitsanzo, m'magazini ya masamba 24, bungwe litha kupereka masamba 8 kwa otsatsa malonda, otsalawo n'kukhala a nkhani. Masamba 8 amenewo ndiwo asenze mtolo wonse. Akalephera, ndi bwino kuchepetsa masamba kusiyana ndi kulowa m'ngongole.

Otsatsa malonda akuluakulu alipo. Mabanki amalimbirana maakaunti a alimi msika ukamatsegulidwa. Makampani a mbewu ndi feteleza amafuna kumveka mvula isanagwe. Pali a inshulansi, a mafoni, a masola, masukulu ndi malo ogona alendo opita kunkhalango ya Kasungu National Park.

Onsewa amafunsa mafunso ofanana. Musindikiza makope angati? Afika kuti? Atuluka liti?

Bungwe liyankhe zoona. Kunena makope ochuluka kuposa amene asindikizidwa ndi kudzitsekera khomo la mawa, chifukwa woyang'anira banki amakhala m'tawuni momwemo ndipo adzadziwa. Lisiti ya kosindikiza ndi mndandanda wa malo amene magazini yagawidwa zikhale zoonetsa kwa aliyense wolipira.

Nthawi yotulukira nayo ndi ndalama. Ya mwezi ndi mwezi ndi katundu wolemera kwa bungwe laling'ono. Katatu pachaka n'kotheka. Yoyamba ituluke mu Malichi msika usanatsegulidwe, mlimi akadalemba zogula. Yachiwiri mu Julaye ndalama ikuyenda. Yachitatu mu Okutobala, anthu akusaka mbewu ndi feteleza. Magazini ya malonda a malata yotuluka mu Januwale yaphonya msika.

Ndipo ndalama itoleredwe masamba asanapite kosindikiza. Mawu akuti "ndidzalipira fodya akatuluka" agwetsa mabizinesi ambiri m'zigwa zino.

Makina ali kutali, lamulo lili pafupi

M'tawuni ya Kasungu muli mashopu ojambula mapepala ndi kusindikiza makadi a ukwati. Pa makope ochepa, amenewa akwanira. Koma makope akachuluka, makina akuluakulu ndiwo amatsitsa mtengo wa kope limodzi, ndipo ambiri mwa makinawo ali ku Lilongwe, pafupifupi makilomita 130 kummwera, ku Blantyre ndi ku Balaka komwe kuli Montfort Media.

Osindikiza amawerengera masamba anayianayi, chifukwa pepala limodzi likapindidwa limapereka masamba anayi. Mitundu imakweza mtengo. Bungwe loyamba kumene litha kukongoletsa chikuto chokha, m'kati n'kusiya inki yakuda.

Mapepala, inki ndi zipangizo zina zosindikizira zimachokera kunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zosindikiza idakwera limodzi ndi ya feteleza. Choncho mtengo wa kosindikiza ufunsidwe kwa osindikiza angapo, ulembedwe, ndipo udziwike kuti ukhala masiku angati usanasinthe.

Kumbali ya lamulo, Printed Publications Act imafuna kuti chosindikizidwa chionetse dzina la wosindikiza ndi wofalitsa, nyuzipepala ilembetsedwe, ndipo kope litumizidwe ku National Archives ku Zomba. Komiti ifunse kumeneko isanatulutse magazini yoyamba.

Malonda onama nawo ndi mlandu. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene anamizidwa. Wotsatsa mankhwala a mbewu aonetse kuti ndi ovomerezeka ndi Pesticides Control Board. Wotsatsa mbewu aonetse chiphaso. Wolonjeza kuchulukitsa ndalama kapena mankhwala ochiza matenda onse abwezedwe ndi ndalama yake.

Mbewu yachinyengo ikagulidwa chifukwa cha tsamba la bungwe, mlimi sadzatukwana wogulitsa yekha. Adzatukwana bungwe lonse.

Chithunzi cha munthu chisalowe iye asanavomere. Nkhani ya wina isakopedwe popanda chilolezo, chifukwa lamulo la umwini wa zolemba la 2016 likugwira ntchito.

Pamene zotere zimafera

Magazini zambiri za mabungwe zimabadwa ndi chikondwerero, n'kufa mwakachetechete itangotuluka yachiwiri. Matenda ake ndi odziwika.

Oyamba ndi kudzionetsa kwa atsogoleri. Tsamba loyamba wapampando, lachiwiri wapampando akudula riboni, lachitatu wapampando akulandira mlendo. Membala wamba akatsegula osadzipezamo, chaka chamawa salipira.

Achiwiri ndi kudalira wotsatsa mmodzi. Kampani imodzi ikalipira theka la ndalama zonse, mkonzi amayamba kuopa. Nkhani ya mabelo obwezedwa kapena ya chiwongoladzanja chokwera imachotsedwa kuti bwana asakhumudwe. Owerenga si ana, amazindikira. Mankhwala ake ndi kukhala ndi otsatsa ambiri ang'onoang'ono, kuti wina akanyanyala magazini isagwe. Nkhani yolipiridwa ilembedwe pamwamba kuti ndi malonda.

Achitatu ndi ndale. Kasungu ili ndi otsatira zipani zosiyanasiyana, ndipo onse amagula sopo ndi simenti. Magazini ikavala mtundu wa chipani, theka la owerenga lapita.

Achinayi ndi ndalama zosaoneka mutu wake. Za magazini zikhale ndi buku lakelake, malisiti ake, ndipo ziwerengedwe pamsonkhano wa mamembala.

Achisanu ndi kusenzetsa munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Pafunika mkonzi, wosaka malonda, msungichuma ndi woyang'anira kugawa. Wosaka malonda apatsidwe gawo lodziwika pa malonda amene wabweretsa, chifukwa kuyenda sitolo ndi sitolo padzuwa ndi ntchito. Achinyamata amene adaphunzira utolankhani kapena zamakompyuta koma ali pakhomo angapeze poyambira.

Omaliza ndi makatoni osatsegulidwa mu ofesi. Magazini imene sidagawidwe ndi ndalama ya otsatsa yotayidwa. Njira zogawira zilipo kale: masitolo a mamembala, makalabu a alimi, makopaletivi, mabanki a m'mudzi, malo odikirira kubanki ndi kuchipatala, malaibulale a sukulu, masiku a msika ndi geti la Chinkhoma lenilenilo. Kope limodzi likafika pakalabu, wodziwa kuwerenga amawerengera anzake, ndipo uthenga umafika kwa anthu ambiri kuposa makope osindikizidwa.

Pepala ndi foni zigwirane manja

Ena adzafunsa kuti pepala n'lachiyani m'nyengo ya intaneti.

Funsolo n'lomveka kwa munthu wa m'tawuni amene ali ndi foni yamakono, magetsi ndi bandulo. M'midzi yambiri ya Kasungu foni ndi ya mabatani, imatchajidwa pagolosale, ndipo netiweki imachita kusakidwa pachulu.

Komabe palibe chifukwa chosankhira chimodzi. Magazini yomweyo itha kutumizidwa pa WhatsApp kwa amene ali ndi mafoni amakono, n'kufika mpaka kwa ana a ku Kasungu amene ali ku Johannesburg ndi Cape Town. Ambiri a iwo amatumiza ndalama zomangira nyumba kumudzi, ndipo amafuna hadiweya ndi mmisiri wodalirika. Nkhani zikuluzikulu zitha kuwerengedwanso pa wailesi ya m'dera. Wotsatsa akauzidwa kuti ndalama imodzi imufikitsa papepala, pafoni ndi pawailesi, savuta kukopa.

Mitengo ya katundu imene imasintha sabata ndi sabata ipite pafoni. Zokhalitsa, monga malamulo, malangizo ndi mndandanda wa mamembala, zikhale papepala.

Poyambira sipafuna chuma chambiri. Masamba 8 a inki yakuda, otuluka pa nthawi yake ndiponso onena zoona, aposa masamba 40 onyezimira otuluka kamodzi n'kuzimirira.

Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mmisiri wabwino amene sadziwika amatseka shopu, pomwe wachinyengo wa pakamwa pokoma akudya ndalama ya alimi chaka ndi chaka. Payekha wabizinesi wamng'ono sangagule tsamba m'nyuzipepala ya dziko lonse. Akasonkhana makumi angapo, atha kukhala ndi masamba awoawo.

Inu atsogoleri a mabungwe a amalonda, makopaletivi ndi makalabu a ku Kasungu, ikani nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana pamsonkhano wanu wotsatira. Werengani mamembala, funsani mitengo kwa osindikiza, sankhani anthu anayi okhulupirika, ndipo magazini yoyamba ifike m'manja mwa mlimi msika wa fodya usanatsegulidwe.